Muthulakshmi Reddy: Dotolo Amene Analowa m'Bwalo la Malamulo

M'mwezi wa May, caka ca 1930, mkazi wina wa ku India anatumiza kalata ku Boma la Madras yonena kuti watula pansi mpando wace wa m'Bwalo la Malamulo. Mpando umenewo sunali wamba ai. Iye ndiye anali mkazi woyamba kulowa m'bwalo lotere m'zigawo zonse za India zimene Angelezi analikuzilamulira okha, ndiponso anzace anali atamsankha kuti akhale waciwiri kwa mkulu wa bwalolo, kotero kuti mkuluyo akacokapo, amuna onse aja amayankhula pokhapokha iye atawalola. Palibe anamcotsa, palibe anamuopsa. Anacoka yekha, atakhalamo zaka zitatu ndi miyezi yowerengeka.

Dzina la mkaziyo linali Muthulakshmi Reddy, ndipo nchito yace yeni-yeni inali ya udotolo. Tsono pali mafunso awiri amene munthu woganiza angafunse. Loyamba ndi ili: kodi dotolo, amene odwala alikumdikira pakhomo, afunanji m'nyumba ya mikangano ya malamulo? Laciwiri: atalowamo mobvutikira cotero, anatulukiranji? M'nkhani ino tilondola mapazi ace kuti tipeze mayankho, pakuti mbiri yace itionetsa kuti alipo matenda ena amene mankhwala a m'botolo sangathe kuwaciritsa, popeza muzu wace uli m'mwambo ndi m'malamulo a dziko.

Kubadwa Kwace

Muthulakshmi anabadwa pa 30 July, 1886, m'mudzi waukulu wa Pudukkottai, kumwera kwa India, kumene anthu amayankhula Citamil. Pudukkottai linali dziko laling'ono lokhala ndi mfumu yaceyace, ngakhale mfumuyo inali pansi pa Angelezi. Atate ace, a Narayanaswami Iyer, anali munthu wophunzira, ndipo anakhalapo mkulu wa koleji ya mfumu ya pamudzipo. Amai ace dzina lao linali Chandrammal.

Kuti timvetse bvuto limene mwanayu anabadwa nalo, tiyenera kudziwa kuti Ahindu amagawa anthu m'mabanja a cibadwidwe, ena apamwamba, ena apansi, ndipo pa masiku amenewo munthu sakadakwatira kunja kwa gulu lace osanyozedwa. Atate a Muthulakshmi anali a gulu la Abrahmin, ndilo la ansembe ndi ophunzira, lapamwamba pa onse. Amai ace anali a mbumba ya akazi amene amati madevadasi, ndiko kunena adzakazi a mulungu. Cifukwa ca kutenga mkazi wotere, a Narayanaswami anasalidwa ndi abale ao.

Mwambo wa madevadasi unali wotere. Mtsikana asanathe msinkhu, akwao amapita naye ku kacisi, ndipo ansembe amammanga mkanda m'khosi monga amacitira mkwatibwi, nanena kuti tsopano wakwatiwa ndi mulungu wa m'kacisimo. Kuyambira tsiku limenelo saloledwa kukwatiwa ndi munthu. Amaphunzitsidwa kubvina ndi kuyimba, nakhala wobvina pa maphwando a kacisi ndi pa bwalo la mfumu. Kacisi amampatsa munda wodyamo, koma mundawo umakhala wa banjalo pokhapokha likapereka mtsikana wina wolowa m'malo mwace. Amuna olemera amatenga akazi amenewa ngati akazi apambali, koma ana obadwamo analibe gawo pa cuma ca atate ao. Kale, mafumu akali ndi mphamvu, ena mwa akazi amenewa anali olemera ndi odziwa kuwerenga. Koma mabwalo a mafumu atayamba kugwa, ambiri anasauka, ndipo ana ao akazi anasanduka malonda.

Muthulakshmi sanawerenge zimenezi m'buku. Anaziona pakati pa abale a amai ace.

Mtsikana Kuseri kwa Cinsalu

Ali mwana anapita ku sukulu, nakhoza bwino. Koma atatha msinkhu anamletsa, monga mwa mwambo, ndipo amai ace anafuna kuti akwatiwe. Mtsikanayo anakana. Atate ace anamuimira, namphunzitsa pakhomo, kufikira analemba mayeso olowera ku koleji nakhoza.

Pamenepo panabuka mlandu. Koleji ya pamudzipo inali ya anyamata okha-okha. Mkulu wa kolejiyo pa nthawiyo sanamfune, ndipo makolo ena anati akalowa mtsikana, makamaka wa mbumba yotere, adzacotsa ana ao kuti angaonongeke. Mlanduwo unafika kwa mfumu, Martanda Bhairava Tondaiman, ndipo iyo inagamula kuti mtsikanayo alowe, nimpatsanso ndalama zolipira maphunziro. Komabe m'cipinda cophunziriramo anapacika cinsalu pakati pa iye ndi anyamata, kuti asaonane.

M'caka ca 1907 anapita ku mzinda wa Madras, umene kuyambira 1996 dzina lace ndi Chennai, nalowa sukulu ya udotolo ya Madras Medical College. Akazi odziwa udotolo anali owerengeka ndi zala m'India monse. Caka cimene iye anabadwa ndico caka cimene Anandibai Joshi, mmodzi wa akazi oyamba a ku India kuphunzira nchitoyi, anatsiriza maphunziro ace ku America. Muthulakshmi anaphunzira zaka zisanu, napambana amuna ambiri, nalandira mamendulo a golidi. Anatsiriza m'caka ca 1912, nayamba nchito m'cipatala ca Boma ca akazi ndi ana mu Madras momwemo.

Anakwatiwa m'caka ca 1914 ndi dotolo mnzace, Sundara Reddy, ali ndi zaka pafupi 28, msinkhu umene anzace obadwa nao pamodzi ena anali pafupi kuona adzukulu. Asanabvomere anapangana naye mwamunayo kuti adzamyesa mnzace wolingana naye, ndi kuti sadzamletsa nchito yace. Anabala ana amuna awiri amene anakula.

Zimene Anaona m'Cipatala

Tsopano tifike pa funso lathu loyamba. M'cipatala ca akazi dotolo amaona zimene anthu a pamudzi amabisa. Pa masiku amenewo atsikana ambiri a ku India amakwatiwa asanafike zaka 12, ndipo ena amakhala ndi pakati thupi lao lisanakhwime. Mafupa a m'ciuno a mtsikana wotere amakhala opanikizana, kotero kuti mutu wa mwana umalephera kudutsa. Mtsikanayo amabvutika masiku awiri kapena atatu. Kawiri-kawiri mwana amafera m'mimba. Mai akapulumuka, nthawi zina cikhodzodzo cimabooka, mkodzo numangotuluka wokha moyo wace wonse, mwamuna namtaya. Ena amafika ndi cindoko cimene anawapatsa amuna aakulu. Enanso anali amasiye asanadziwe n'komwe kuti ukwati nciani, pakuti mwa Ahindu apamwamba mkazi wofedwa samakwatiwanso, ngakhale akhale wa zaka khumi.

Zoopsazi zinali zodziwika kale. M'caka ca 1890 ku Calcutta kunamveka mlandu wa mtsikana wosakwana zaka 12, dzina lace Phulmoni, amene anafa ndi mabala amene mwamuna wace, munthu wamkulu ndithu, anampweteka nao. Mwamunayo anangolandira cilango ca miyezi 12 ya ndende. Cifukwa ca mlandu umenewu, m'caka ca 1891 Boma linaika lamulo lakuti mwamuna asakhale malo amodzi ndi mkazi wace asanakwane zaka 12, m'malo mwa 10. Koma ukwati wa ana weni-weniwo sunaletsedwe.

Dotolo angathe kung'amba mimba ndi kupulumutsa mtsikana mmodzi lero, koma mawa adzabwera wina, mkuja winanso, pakuti cimene cilikuwatumiza ciri kunja kwa cipatala. Munthu amene alikukapa madzi m'bwato lobooka, tsiku lina ayenera kuleka kukapa ndi kufuna pamene pabooka. Cotero Muthulakshmi anayamba kugwirizana ndi akazi ena. M'caka ca 1917 ku Adyar, m'mphepete mwa Madras, kunayambika bungwe la akazi la Women's Indian Association, limene atsogoleri ace oyamba anali Annie Besant, Margaret Cousins ndi Dorothy Jinarajadasa. Iye anakhala mmodzi wa nsanamira zace, ndipo pambuyo pace anayang'anira nyuzi ya bungwelo, dzina lace Stri Dharma.

M'caka ca 1923 cisoni cinagwa m'nyumba mwace. Mng'ono wace anafa ndi khansa, atamva zowawa kwambiri, mkulu wace dotolo alikuyang'ana wopanda comthandiza naco. Patapita zaka ziwiri Muthulakshmi anapita ku London kukaonjezera maphunziro a matenda a akazi ndi ana, ndipo kumeneko anaona cipatala ca khansa yokha-yokha, ndi anthu ena amene anacira cifukwa nthendayo inapezeka msanga. Cinthu cimeneci anacisunga mumtima zaka makumi atatu, monga tidzaona.

M'Bwalo la Malamulo

Bwalo la Malamulo la Madras linali la mtundu womwewo wa bwalo limene dziko lathu lino linali nalo kuyambira 1924, pa masiku a Northern Rhodesia: aphungu ena osankhidwa ndi anthu, ena oikidwa ndi Bwanamkubwa, mphamvu yeni-yeni iri m'manja mwa Angelezi. Koma ku India, mwa lamulo la 1919, nchito zina monga za masukulu ndi zipatala zinapatsidwa kwa nduna za Cimwenye. Cigawo ca Madras cinalola akazi kuponya voti m'caka ca 1921, ngakhale anali okhawo okhala ndi cuma, ndipo m'caka ca 1926 akazi analoledwa kukhala aphungu. Pa masankho a caka cimeneco mkazi wina, Kamaladevi Chattopadhyay, anaima nalephera pang'ono. Pamenepo bungwe la akazi lija linakakamiza Boma kuti liike mkazi pa mipando ya oikidwa, nilipereka dzina la Dotolo Reddy. Analowa kumapeto kwa 1926, ndipo kuciyambi kwa 1927 aphungu onse anamsankha kukhala waciwiri kwa mkulu wao.

Sanalowe cipani ciri conse, kuti pasakhale womuuza conena. Anayankhula monga dotolo, pochula zimene maso ace anaona. Anapempha cipatala ca ana, popeza ana odwala amangowagoneka pamodzi ndi akulu. Anapempha kuti madotolo aziyendera masukulu kukapima ana, atsikana omwe. Anapempha madotolo acikazi m'zipatala, cifukwa akazi ambiri amalola kufa koposa kubvula pamaso pa mwamuna wacilendo. Anapempha nyumba zogonamo atsikana a sukulu, ndi cithandizo ca ndalama kwa atsikana a magulu onyozeka. Anathandizanso lamulo lotseka nyumba za ciwerewere, naumirira kuti pakhale malo osungirako atsikana opulumutsidwamo. M'zaka za 1928 ndi 1929 anali m'kabungwe ka Sir Philip Hartog kofufuza za maphunziro m'India monse.

Pa nkhani ya ukwati wa ana panali msampha. M'caka ca 1927 mkazi wa ku America, Katherine Mayo, anasindikiza buku lace Mother India, lofotokoza masautso a akazi a ku India ndi colinga cakuti dziko lonse lione kuti Amwenye sayenera kudzilamulira. Amwenye anapsa mtima, ndipo kunali kosabvuta kunena kuti ali yense wochula zoipa za mwambo alikuthandiza adani. Dotolo Reddy anatsutsa colinga ca bukulo, koma anakana kubisa cilonda cifukwa cakuti mlendo wacilozera monyoza. Anaimbanso mlandu Boma la Angelezi, limene kuyambira nkhondo ya cipanduko ya 1857 limaopa kukhudza miyambo ya cipembedzo, nilizengereza pa malamulo otere. M'caka ca 1928 anabweretsa m'bwalo pempho lakuti msinkhu wa ukwati ukhale zaka 16 kwa atsikana ndi 21 kwa anyamata.

Lamulo la dziko lonse linayenera kucokera ku bwalo lalikulu la ku Delhi. Kumeneko phungu wina, Har Bilas Sarda, anali ataika kale nkhaniyi, ndipo akazi a m'mabungwe anaicirikiza ndi misonkhano ndi makalata. Lamulolo linabvomerezedwa mu September 1929, koma linati zaka 14 kwa atsikana ndi 18 kwa anyamata. Linayamba kugwira nchito pa 1 April, 1930, ndipo m'miyezi ya pakatiyo makolo ambiri anathamangira kukwatitsa tiana tao lamulo lisanawapeze. Zaka 18 kwa atsikana zinadzafika m'caka ca 1978, iye atamwalira kale.

Mlandu wa Ana a ku Kacisi

Nkhondo yace yaikulu inali ya mbumba ya amai ace. Mu November 1927 anapempha bwalo kuti lithetse mwambo wopereka atsikana ku akacisi. Iye anazindikira kuti cingwe comanga mabanja amenewa cinali munda uja. Cotero coyamba anakonzetsa lamulo la cuma ca akacisi, ndipo m'caka ca 1929 linabvomerezedwa kuti mabanjawo akhale eni minda yao popanda kupereka mwana. Pamenepo m'caka ca 1930 anabweretsa lamulo lina loletsa kupereka komweko.

Otsutsa anali a mitundu iwiri. Oyamba anali amuna osunga mwambo, monga S. Satyamurti, wandale womveka wa cipani ca Congress, amene anati mwambowo ngwa cipembedzo, ndipo Boma likaukhudza lidzakhudzanso ina. Aciwiri anali madevadasi ena eni ace. Iwo anapanga bungwe lao, nalemba makalata ku Boma onena kuti iwo sali akazi aciwerewere ai, koma amisiri a nyimbo ndi magule. Kuti Boma lilange ocita zoipa okhawo. Ndi kuti liwapatse sukulu m'malo mowalanda nchito. Mmodzi wa iwo anali woyimba womveka, Bangalore Nagarathnamma. Koma analiponso ena a mbumba yomweyo, monga Moovalur Ramamirtham, amene anaperekedwa ali mwana, nayenda m'midzi kulimbikitsa anzace kuti adule mikanda ija ndi kukwatiwa. Mtsogoleri wina, E. V. Ramasamy, amene anthu amamchula Periyar, anaima kumbali ya dotoloyo.

Wolemba mbiri ayenera kunena zoona za mbali zonse. Mau a Dotolo Reddy nthawi zina anali akuthwa, ndipo anaika akazi onse a mbumbayo m'dengu limodzi. Mwambo utatha, ambiri mwa obvina aja anatsala opanda codyera, namacita manyazi ndi luso lao. Gule wao sanafe, koma anasamukira kwa ena: anampatsa dzina lakuti Bharatanatyam, ndipo akazi a mabanja apamwamba, motsogozedwa ndi Rukmini Devi Arundale amene anatsegula sukulu yace ya Kalakshetra mu 1936, anayamba kumbvina molemekezeka. A mbumba yakale amene anakhalabe omveka, monga Balasaraswati, anali owerengeka. Walira mvula walira matope. Komabe funso limene dotoloyo anaimapo palibe analiyankha: kodi mwana wa zaka 8 kapena 9 angabvomere bwanji pangano lomanga moyo wace wonse? Wamkulu akafuna kubvina, abvine. Koma amene amamangidwa mkanda anali ana.

Lamulo loletsalo linagonekedwa pambali zaka 17. Linadzabvomerezedwa ku Madras kumapeto kwa caka ca 1947, India atalandira kale ufulu pa 15 August. M'zigawo zina mwambowo unapitirira mobisika, kotero kuti Karnataka inaika lamulo lace mu 1982, ndi Andhra Pradesh mu 1988.

Kutula Mpando

Tsono funso laciwiri. Pa 12 March, 1930, Mahatma Gandhi ananyamuka ulendo wa pansi wa mamailosi ngati 240 kunka ku Dandi, m'mbali mwa nyanja, kukatola mcere, kuswa lamulo limene limaletsa anthu kudzipangira mcere popanda msonkho wa Boma. Anthu zikwi-zikwi anamtsata, akazi omwe, ndipo apolisi anawamenya ndi ndodo. Kuciyambi kwa May Gandhi anamangidwa. Dotolo Reddy anali pa mpando umene Bwanamkubwa wa Boma lomwelo anampatsa. Anaona kuti akakhalabe, anthu adzayesa kuti alikubvomereza zocitikazo. Cotero anatula pansi, lamulo lace la madevadasi likali panjira.

Ena anganene kuti analakwa, pakuti atacoka panalibe wolikankha ndi mphamvu yonga yace, ndipo ana ambiri anaperekedwa m'zaka 17 zija. Mau amenewo ali ndi kulemera kwace. Koma zimene anacita atacoka zitionetsa kuti iye anayesa mpando ngati khasu: umaligwira pamene lilikulima, ndipo likaleka kulima umatola cida cina. Caka comweco analemba buku lofotokoza zimene anaona m'bwalomo, kuti akazi obwera pambuyo adziwe njira. Mu 1933 anapita ku London pamodzi ndi Rajkumari Amrit Kaur ndi Shareefah Hamid Ali kukanena pamaso pa kabungwe ka Nyumba ya Malamulo ya Angelezi kuti akazi a ku India apatsidwe voti mokwanira. Mu 1937 anakhala mkazi woyamba pakati pa akulu a khonsolo ya mzinda wa Madras.

Cina cinacitika pakhomo pace penipeni m'caka ca 1930. Atsikana atatu a mbumba ya madevadasi, ocokera ku Namakkal, anakana kuperekedwa ku kacisi, nafika kwa iye. Anawafunira malo m'nyumba zogonamo atsikana za mumzinda, koma nyumbazo zinali za magulu a cibadwidwe, ndipo sanalandiridwe. Apa dotoloyo anaphunzira kuti lamulo limamasula cingwe, koma silipatsa munthu pogona. Anawatenga nawasunga m'nyumba mwace. Ici ndico ciyambi ca Avvai Home, nyumba yosungiramo ndi kuphunzitsiramo atsikana osowa kwao, yosafunsa gulu la munthu. Dzinalo ndi la Avvaiyar, mkazi wanzeru wopeka ndakatulo wa Atamil akale. Pambuyo pace nyumbayo inasamukira ku Adyar, ndipo atsikana ambiri anatulukamo ali aphunzitsi ndi anamwino.

Cipatala ca Makama 12

Lonjezo la pa imfa ya mng'ono wace linali likali. Zaka zambiri anapempha cipatala ca khansa, koma akulu a Boma ndi anthu olemera anaona ngati nkutaya ndalama, popeza anayesa kuti wodwala khansa ngwakufa kale. Mu 1949 bungwe la akazi lija linayamba thumba la zopereka. M'caka ca 1952 Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu ya India, anaika mwala wa maziko, ndipo pa 18 June, 1954, cipatala ca Cancer Institute cinatsegulidwa ku Adyar, ciri kanyumba kakang'ono ka makama 12. Mwini wace anali ndi zaka pafupi 68.

Mutu umodzi susenza denga. Mwana wace, Dotolo S. Krishnamurthi, wodziwa kung'amba, anatenga nchito ya tsiku ndi tsiku. M'caka ca 1955 anadza dotolo wacitsikana, V. Shanta, amene anakhala pacipatalapo kufikira imfa yace mu January 2021, zaka zoposa 65. Kanyumba kaja kanakula nikakhala cipatala ca makama mazana angapo ndi sukulu yophunzitsa madotolo a khansa, ndipo osauka ambiri anathandizidwa osalipira.

Mu 1956 Boma la India linampatsa ulemu wa Padma Bhushan. Anamwalira pa 22 July, 1968, atatsala masiku 8 kuti akwane zaka 82. Boma la cigawo cace, cimene kuyambira 1969 dzina lace ndi Tamil Nadu, linaika dzina lace pa cithandizo ca ndalama ca kwa amai apakati osauka.

Cimene Tiphunzirapo

Tikawerenga zaka za m'mbiri iyi tiona cinthu codabwitsa. M'bwalo muja anakhalamo zaka zitatu zokha ndi miyezi, koma zimene anafesamo zinaca mocedwa: lamulo la ana a ku kacisi patapita zaka 20 cipemphere, cipatala ca khansa patapita zaka 31 cimwalirire mng'ono wace, ndipo msinkhu woyenera wa ukwati iye ali m'manda. Kuona maso a nkhono nkudekha. Tisayese kuti kucedwa kotere nkwa Amwenye okha. Kuno kwathu ku Zambia lamulo loletsa ukwati uli wonse wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale ukwati wa pa mwambo, linakhazikika m'caka ca 2023. Ndipo monga anaona Dotolo Reddy, lamulo likalembedwa nchito imakhala itangoyamba.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ena mudzakhala anamwino, ena aphunzitsi, ena alangizi a zaulimi, ena alembi. Pa nchito zimenezo mudzaona zinthu zimene anthu a m'mabwalo a malamulo saziona: mtsikana amene wasowa m'kalasi mwezi wa kukolola utatha, mai amene wafika pa cipatala mocedwa cifukwa mlatho unakokoloka. Mphamvu ya Dotolo Reddy m'bwalo inacokera pa ici, kuti poyankhula amanena za anthu amene anawagwira ndi manja ace, ndipo otsutsa analephera kumuuza kuti alikunama. Cifukwa cace musapeputse zimene muona pa nchito yanu. Zisungeni, ziwerengeni, zilembeni, ndipo mukapeza bwalo lomvera, kaya ndi la mfumu, kaya ndi la khonsolo, kaya ndi Nyumba ya Malamulo yeni-yeniyo, mukazinene. Ndipo mukanena, kumbukirani atsikana atatu a ku Namakkal aja, amene atamva mau a dotolo anadza pakhomo pace kudzafuna pogona, iye nawatsegulira.